Muli ndi nyumba yakale ngati Mandala House? Musanagule thumba la simenti tsatirani izi kaye

Izi ndikulembera inu amene mwapezeka ndi nyumba yakale m'manja, kaya ndi ya makolo ku Zomba, kaya ndi zija zinali za makampani ku Limbe kapena ku Sunnyside munagula, kaya muli mu komiti ya pa tchalitchi ndipo nyumba ya abusa ndi ya nthawi ya amishoni pano yayamba kudontha. Chomwe chimachitika nthawi zambiri nchakuti mvula ikayandikira timathamangira kwa mmisiri, iyenso amangoti bwana tigumule zonsezi, tipake pulasitala wa simenti, tiike matailosi ndi mawindo a aluminiyamu ioneke ya masiku ano, nde pakangotha zaka zochepa khoma limene linapirira zaka zoposa 100 layamba kufumbutuka m'munsi. Zimandiwawa kwambiri chifukwa mwini nyumba amakhala kuti wawononga ndalama zambiri ndi mtima wabwino, kungoti palibe anamuuza kuti nyumba zimenezi zinamangidwa mwa mtundu wina ndipo zimafuna chisamaliro cha mtundu wake.

Choyamba, pitani mukaone yomwe inasamalidwa

Musanakhudze chilichonse pa nyumba yanu pezani tsiku mupite ku Mandala House mu Blantyre, siili kutali ndi msewu wa Chipembere. Inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ija inayambira ku Glasgow mu 1878 ndipo ankaiyendetsa ndi abale awiri John ndi Frederick Moir. Inali nyumba ya mamanejala a kampaniyo, ndipo mwa nyumba zonse za nthawi imeneyo zomwe zidakaimabe m'Malawi muno iyi ndi yakale kuposa zonse, boma linaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa. M'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946, pansi pali pogulitsira zojambulajambula ndi podyera, nde kulowa sikovuta.

Muzikumbukira chinthu chimodzi mukamaiona. Mu 1882 kunalibe njanji, sitima ya pamtunda inafika mu Blantyre mu 1908. Katundu yense wochokera kunja ankabwera pa madzi kudzera mu Zambezi ndi Shire, akatsika kumunsi kwa Chikwawa amtengatenga nkumusenza pamutu kukwera naye mapiri mpakana ku Mandala. Ndiye palibe akanamanga nyumba ya nsanjika ndi zinthu zochita kuitanitsa, anagwiritsa ntchito zomwe zinali pompo, dothi, njerwa zoumbidwa ndi manja, udzu, mitengo. Ndipo manja amene anaponda matopewo, kuumba, kusenza ndi kuyala njerwa anali a anthu akuno. Ena amati zimenezo nza atsamunda zisiyeni zigwe, ine sindivomereza, mbiri ya kampaniyo tikhoza kukambirana ndipo ili ndi zake zambiri zowawa, koma luso lomwe lili m'makoma amenewo ndi la agogo athu, likagwa tataya ndife.

Mukafika musathamangire kulowa. Imani kaye patali muone denga momwe latulukira kunja kupitirira khoma, kenako muone khonde, kutambalala kwake, ndipo mudzifunse kuti mvula yamphepo ikamagwa imafika pati. Mupeza kuti khoma lenileni la nyumba lili mkati mwa mthunzi, dzuwa la masana silimaliwomba ndipo madzi a padenga amagwera patali. Khonde pa nyumba zimenezi sanaliike kuti anthu azingomwerapo tiyi, ntchito yake yaikulu nkuteteza khoma lofewa. Kenako imani pakhomo muyeze ndi dzanja kukhuthala kwa khoma, muone kutalika kwa siling'i, mugwire khoma masana kukutentha mumve kuzizira kwake. Kwerani m'mwamba pang'onopang'ono mukuona matabwa, nsanamira za khonde momwe zakhalira, mawindo momwe ayang'anirana kuti mpweya uzidutsa. Ngati mukufuna kujambula mkati pemphani kaye kwa ogwira ntchito.

Mukachoka apo, ngati nthawi ilipo, kafikeni pa HHI, pa mishoni ya Blantyre, mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe anamanga a David Clement Scott ndi amisiri akuno kuyambira 1888 mpaka 1891. Apo muona njerwa zootcha zili poyera zopanda pulasitala. Cholinga nchakuti maso anu azolowere kusiyanitsa khoma lobisika ndi khoma la njerwa zoonekera, chifukwa kakonzedwe kake nkosiyana ndipo mukabwerera kwanu muyenera kudziwa kuti lanu ndi liti.

Chachiwiri, funsani ngati yanu ili yotetezedwa

Kuno tili ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo nyumba ikakhala pansi pa lamulo limeneli simungagumule, kuonjezera kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo cholembedwa, olo ikhale yanuyanu yokhala ndi mapepala onse. Oyang'anira zimenezi ndi a Department of Museums and Monuments, amene muli kumwera mukhoza kuyambira pa museum ya pa Chichiri akulozerani koyenera. Lembani kalata, fotokozani komwe nyumba ili ndi zomwe mukufuna kupanga, ikanimo zithunzi, ndipo kope yake musunge. Ngati ntchitoyo ikukhudza kuonjezera zipinda kapena kusintha denga, a khonsolo ya mzinda nawonso amafuna aone mapulani. Olo akuuzeni kuti yanu siili pa mndandanda, zotsatirazi muzitsatirebe, madzi ndi chiswe siziona mndandanda.

Chachitatu, jambulani ndi kulemba zonse momwe zilili

Tengani foni mujambule mbali zonse zinayi za kunja, chipinda chilichonse makona onse, chitseko chilichonse ndi loko wake ndi mahinjesi, mawindo, pansi, siling'i, chumuni ngati ilipo. Gulani kope ya sukulu ikhale ya nyumbayo basi, mujambulemo pulani olo ya pamanja, muyeze ndi tepi nkulemba. Funsani akuluakulu a pamalopo kuti kale inkaoneka bwanji, chipinda chiti anaonjezera, khonde linathera pati, chifukwa nthawi zambiri bafa ndi khitchini za kumbuyo zinabwera pambuyo pake ndipo kudziwa zimenezi kukuthandizani kuona mbali yomwe mungasinthe mosavuta ndi yomwe musaikhudze. Zithunzi zakale za matauni athu zimapezeka ku laibulale ya ku Mandala House komweko komanso ku National Archives ku Zomba.

Chachinayi, denga

Nthawi yabwino yoonera nyumba yakale ndi pamene mvula ikugwa, tengani ambulera muizungulire mukuona komwe madzi akutsikira, komwe akudumpha ma gutter, komwe akuthira pakhoma, komwe akudikha. Ikakata kwerani mu siling'i ndi tochi, pondani pa mitanda yokha osati pa bolodi, kenako zimitsani tochi muone pomwe kuwala kukulowa. Malo omwe amavuta kwambiri ndi pamsonga pa denga, pomwe madenga awiri akumana, m'mbali mwa chumuni ndi pa misomali yomwe yazuka.

Apa ndipamene ambiri amalakwitsa, akaona dzimbiri amati malata onse achoke. Malata akale ambiri ndi okhuthala kuposa a geji 32 omwe adzadza m'mashopu lero, kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakula lata limapyapyala. Ngati dzimbiri lili pamwamba chabe ndipo lata silinabooke, likwecheni ndi burashi ya waya, pakani penti woteteza dzimbiri wa red oxide kenako penti wa padenga, likhalanso zaka zambiri. Sinthani okhawo obooka, ndipo yesetsani kupeza a mizere yofanana ndi akalewo a geji 28 kapena okhuthala kuposa apo. Musalole munthu akuuzeni kuti muike matailosi a konkire pa denga lomwe linali la malata, kulemera kwake mitanda ndi makoma akale sizinapangidwire zimenezo, khoma limayamba kukankhidwira kunja. Musafupikitsenso denga pofuna kupulumutsa malata. Ndipo ngati denga kapena siling'i ndi ya asibesitosi, monga nyumba zambiri za m'ma 1950 ndi 1960, musadule, musaswe, musakweche, fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo, zimenezo zimafuna anthu odziwa.

Ma gutter achotseni masamba, mapaipi otsitsa madzi afike pansi ndithu ndipo madziwo alowe mu ngalande yopita kutali, osati kungothira pa phazi la khoma.

Chachisanu, pansi pozungulira nyumba

Makoma ambiri akale alibe DPC, pepala lija amayala pa faundeshoni kuti chinyontho chisakwere. Ndiye chomwe chinkawateteza ndi kukwera kwa nyumba pamwamba pa nthaka ndi kutsetsereka kwa bwalo. Koma zaka zikamapita anthu amathira dothi, kudzala maluwa mogundiza khoma, kuthirira tsiku ndi tsiku, ena kuyala konkire yokwera kuposa pansi pa m'nyumba, mapeto ake khoma limakhala likumwa madzi chaka chonse. Muona zizindikiro zake, penti kutukumuka m'munsi, zoyerayera ngati mchere, chuku kuseri kwa makabati, fungo la chinyezi mukangotsegula chitseko.

Tengani khasu mutsitse dothi lozungulira mpaka likhale pansi ndi masentimita osachepera 15 kuchokera pa levulo ya pansi pa m'nyumba, koma osakumba mozama mpaka kuvundukula faundeshoni, ndipo bwalo litsetserekere kunja. Maluwa asunthireni mita imodzi kapena kuposa. Onani mpope wa panja ngati ukudontha, onani komwe madzi a kubafa ndi ochapira akupita. Ngati nyumba ili ndi pansi pa matabwa mupeza timabowo ta mpweya m'munsi mwa khoma, anthu amatitseka poopa makoswe ndi njoka, titseguleni muikepo sefa ya waya, mukatitseka matabwa amaola kuchokera pansi. Tonse tinaona mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy momwe makoma ankagwera m'Blantyre muno, khoma la dothi likanyowa kuphazi kwa masiku angapo limangokhala pansi olo pamwamba pakhale pabwinobwino, nde za ngalandezi musazitenge mopepuka.

Mitengo ikuluikulu yoyandikira, sadzani nthambi zomwe zili pamwamba pa denga. Kudula mtengo wonse wakale nthawi imodzi pa dothi la makande nakonso kumasuntha nthaka, funsani kaye injiniya.

Chachisanu ndi chimodzi, khoma, ndipo apa ndikhalitsapo

Yambani mwadziwa kuti khoma lanu ndi lachiyani. Pezani malo obisika kumbuyo, palani pang'ono pulasitala, tengani msomali mukande pakati pa njerwa. Ngati zikutuluka zofiira kapena zakuda zofumbutuka, anamangira matope. Ngati ndi zoyererako zofewa ndipo mukadonthezapo viniga zikuchita thovu, muli laimu. Ngati ndi zotuwa zolimba msomali ukuterereka, ndi simenti, mwina wa amisiri a pambuyo pake. Kandaninso njerwayo muone ngati ndi chidina kapena yootcha.

Chifukwa chake nchiyani ndikulimbikira zimenezi? Khoma la zidina kapena la njerwa zofewa zomangira matope limamwa chinyontho nthawi ya dzinja nkuchitulutsa kukayamba kuuma, ndipo limasuntha pang'onopang'ono osasweka. Laimu amalola zimenezo. Simenti salola, ndi wolimba kuposa njerwa zomwe waphimbazo ndipo madzi akalowa kuseri kwake, kudzera mu mng'alu kapena kuchokera pansi, alibe potulukira. Zili ngati munthu kuvala chijumbo cha pulasitiki mwezi wa Okutobala, thukuta limangothera m'thupi. Ndiye kunja pulasitala amaoneka bwinobwino pamene mkati zidina zasanduka phala, tsiku lina chigamba chonse chimangogwa pamodzi ndi theka la khoma. Penti wa oyilo ndi mapenti ena onyezimira otseka madzi amapanganso chimodzimodzi.

Ngati ena anapakapo kale simenti musathamangire kugumula yense. Gogodani ndi chala kapena kamtengo, pomwe pakumveka phwaphwa ngati mkati mulibe kanthu ndi pomwe wasiyana ndi khoma, yambani kuchotsa pamenepo ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, pamanja, osati ndi grinder. Pomwe wagwira zolimba ndipo khoma ndi louma musiyeni kaye, kumukakamiza kumazula nkhope ya njerwa. Chitani zimenezi mvula itatha ndipo khoma mulisiye liume masabata angapo musanapakenso.

Tsopano laimu. Pogula nenani momveka kuti mukufuna laimu womangira, pathumba amalemba hydrated lime. Laimu wa kumunda wothira m'nthaka ndi mwala wongopera chabe, sagwira khoma olo pang'ono, ndipo anthu ambiri amapusitsika pamenepa chifukwa onse ndi oyera. Kuno kwathu laimu amaotchedwa cha ku Balaka ndi ku Lirangwe, nde si chinthu chosowa. Thirani madzi mu diramu kaye kenako laimu pang'onopang'ono mukutakasa mpaka akhale ngati phala lolimba, pamwamba pakhale madzi ophimba, vundikirani mumusiye olo sabata imodzi, akakhalitsa ndi pamene amakoma. Valani magalasi ndi magolovesi, laimu amaotcha khungu ndipo akalowa m'maso tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo nkupita kuchipatala. Ana asayandikire diramuyo.

Kasakanizidwe kake ndi muyeso umodzi wa laimu pa miyeso itatu ya mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi ndi zinyalala. Mmisiri akuuzani kuti tithiremo simenti pang'ono kuti zigwire msanga, mukaneni mwaulemu, kuchedwa kuumako ndi momwe laimu amagwirira ntchito. Nyowetsani khoma kaye, pakani mopyapyala osapitirira sentimita imodzi, kandanikandani pamwamba kuti wopaka kachiwiri adzagwire, phimbani ndi masaka onyowa kuti dzuwa ndi mphepo zisaumitse mwachangu, ndipo dikirani masiku angapo musanapake wina. Musayambe ndi kumaso kwa nyumba, yesani kaye kachigawo ka mita imodzi kumbuyo, muone pakatha masabata awiri ngati sikanang'aluke, ngati kang'aluka ndiye kuti madzi anachuluka kapena kanauma msanga kapena mchenga ndi wosalala kwambiri.

Pomwe zidina zadyeka, umbani zina za saizi yomweyo ndi dothi lofanana, ziume bwinobwino, nkulowetsa ndi matope, musatseke dzenje la m'khoma la dothi ndi konkire. Pa khoma la njerwa zoonekera, pomwe zomangira zatha pakati pa njerwa kokotani pamanja kuzama kowirikiza kawiri kukula kwa mpatawo, tsukani fumbi, nyowetsani, nkudzadza ndi laimu uja mothinikiza, osapaka pamwamba pa njerwa. Njerwa yosweka isintheni ndi yakale inzake, pomwe akugumula nyumba zakale mumapezeka zambiri, njerwa za lero saizi yake nthawi zambiri siigwirizana nazo.

Pomaliza pake m'malo mwa penti pakani laimu wamadzi, akhale wamadzimadzi ndithu osati waphalaphala, khoma likhale lonyowa, pakani ndi burashi yaikulu katatu kapena kanayi, tsiku limodzi kamodzi. Pongopaka amaoneka ngati simunapake kanthu, musaonjezere, akauma ndi pamene amayera. Inde amafuna kubwereza pakapita zaka zingapo koma mtengo wake ndi wochepa ndipo khoma limakhala louma.

Za ming'alu, si mng'alu uliwonse woopsa. Lembani ndi pensulo pomwe wathera mbali zonse ziwiri, yezani kukula kwake, lembani deti pakhoma pomwepo ndi mu kope ija, muziona mwezi ndi mwezi mpaka dzinja lidutse. Ngati sukusuntha utsekeni ndi laimu. Koma ngati ukukula, kapena wapitirira mamilimita 5, kapena ukutsika ngati masitepe kuchokera pakona ya windo, kapena khoma lapendekeka, kapena zitseko zayamba kukana kutsekeka mbali imodzi ya nyumba, apo siyani zonse muitane injiniya wa zomangamanga, si za mmisiri wa pamudzi zimenezo ngakhale akhale waluso chotani.

Chachisanu ndi chiwiri, chiswe ndi matabwa

Tengani screwdriver muzibaya matabwa onse omwe mungafikire, mafelemu a zitseko m'munsi, nsanamira za khonde kuphazi, mitanda pomwe yalowa m'khoma. Thabwa labwino limakana, lodyedwa imangolowa. Yang'anani tinjira ta dothi tokwera khoma, ndi chiswe chimenecho, tsatirani muone komwe chikuchokera. Chiswe chimakonda chinyontho nde mukakonza za madzi zija mwachepetsa kale vuto, chotsaninso nkhuni, makatoni ndi zitsa zomwe zagundana ndi nyumba. Ngati chalowa kwambiri itanani a mankhwala ovomerezeka, zopaka oyilo wakutha wa galimoto pa mitanda zisiyeni, amadetsa khoma ndipo moto ukabuka zimayaka moopsa.

Nyumba zambiri zakale za kumwera kuno zili ndi matabwa a mkungudza wa ku Mulanje, mukapala pang'ono mumva kafungo kake, ena ndi a mlombwa kapena mbawa. Mkungudza umenewo lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo kudula nkoletsedwa, nde thabwa lomwe lili m'nyumba mwanu simudzalipezanso pa msika. Ngati nsanamira yaola kuphazi kokha, kalipentala adule poolapo alumikize chidutswa cha mtengo wolimba, nkuikweza pa mwala kapena pa kachitsulo kuti isamakhale m'madzi. Kutaya nsanamira yonse nkuikapo paipi ya chitsulo chifukwa cha masentimita 20 oola ndi kuluza kwakukulu.

Chachisanu ndi chitatu, zofuna za masiku ano

Ndikudziwa kuti m'nyumba muyenera kukhala anthu, pakufunika magetsi abwino, bafa, chitetezo. Zonsezi zimatheka. Mawaya akale achotsedwe ndi munthu wa magetsi wokhala ndi laisensi chifukwa ndi omwe amayambitsa moto, koma atsopanowo adutse mu siling'i ndi m'mapaipi oyenda pamwamba pa khoma, osati kusema ngalande m'khoma la zidina. Bafa ndi toileti ikani ku mbali yomwe inaonjezeredwa kumbuyo, mapaipi a madzi akhale poti akadontha muona msanga. Ma burglar bar aikeni chamkati, osavuta kudzachotsa, osagumula khoma mozungulira windo. Mawindo ndi zitseko zakale zikonzeni, galasi losweka limasinthidwa, hinjesi imathiridwa oyilo, ndipo loko wakale musiyeni pomwepo muonjezere wina pamwamba pake. Penti wakale wa pa matabwa nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, musamuotche kapena kumukwecha pouma, nyowetsani kaye, valani chotseka pakamwa ndi mphuno, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali mpaka mutakolopa.

Koma khonde chonde musalitseke. Ndaonapo nyumba zokongola zedi anthu atamanga njerwa pakati pa nsanamira kuti apeze chipinda cha lendi, mkati mumasanduka mdima, mpweya suyendanso, kutentha kumayamba, kenako amagula mafani ndi ma AC pa nyumba yomwe inkazizira yokha. Ngati malo akuchepa bola kumanga kanyumba kena kumbuyo kosagundana ndi yakaleyo.

Chomaliza, mmisiri ndi ndalama

Sankhani mmisiri amene amamva, makamaka achikulire omwe anagwirapo nyumba za mishoni kapena za ma esiteti, ndipo mupite naye ku Mandala House akaone ndi maso ake, zimathandiza kuposa kulongosola pakamwa. Gwirizanani polemba kuti palibe kugumula kapena kutaya chilichonse inu musanaone, chochotsedwa chilichonse, kaya chitseko, kaya loko, kaya njerwa, chilembedwe nambala nkusungidwa mu stoo. Mulipireni potengera gawo lomwe latha bwino osati liwiro, chifukwa wa kontirakiti yothamanga ndi amene amathira simenti inu mukangochoka. Muzipezekapo, kapena pakhale wachibale womvetsa nkhaniyi.

Ndalama ikakhala yochepa, ndipo nthawi zambiri imakhaladi yochepa, yambani ndi denga ndi ma gutter, kenako ngalande ndi dothi lozungulira, kenako magetsi ndi chiswe, pulasitala ndi zokongoletsa zikhoza kudikira chaka chamawa. Za denga ndi ngalande zithe pofika Okutobala mvula isanayambe. Kuchotsa pulasitala wakufa yambani mu Meyi, khoma liume, ndipo ntchito ya laimu igwiridwe mu Juni, Julayi mpaka Ogasiti pamene kukuzizira, masiku a chiperoni amathandiza kuti aziuma pang'onopang'ono bola mwaphimba kuti mvula yowazayo isamukokolole. Mu Seputembala ndi Okutobala dzuwa limakhala lakula, laimu wopaka nthawi imeneyo amauma tsiku lomwelo nkuyamba kugwa ngati fumbi, nde ngati mwachedwa ingotsekani malo oopsawo mongoyembekezera mudzapitirize mvula ikatha.